Kapitawo wa Dongo

Esteri Namakhwa anathyola tiyi zaka makumi awiri ndi zitatu pa esiteti ina kufupi ndi Limbuli. Analowa ntchitoyo ali ndi mwana kumbuyo, ndipo mwanayo, Jenifer, anakula mpaka kukwatiwa ku Chonde amake akadaweramira tiyi yemweyo. Manja a Esteri ankaidziwa ntchito okha. Ankatha kumakamba za maliro a dzulo, maso ali kwina, zala zikubudula masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, n'kumaponya m'dengu la kumsana osaphonya.

Lolemba lina m'mawa, kamvula kachiperoni kakuwaza, kapitawo wawo a Muhiwa anaimika gulu lonse pa sikelo. A Muhiwa anali bambo wamfupi wa mimba yotsogola, mlomo wam'munsi wogwa ngati munthu amene wangomva uthenga woipa. Anatulutsa pepala, n'kutsokomola kawiri.

"Kampani yabweretsa makina othyolera tiyi. Amayi a gulu lino muyambe mwadikira kunyumba. Tidzakuimbirani."

"Ndiye kuti mwatichotsa?" anafunsa Joice, mnzake wa Esteri amene sankasunga mawu m'kamwa.

"Sitinakuchotseni."

"Ndiye mawa tibwere?"

"Musabwere."

"Nanga tili pati?"

A Muhiwa anatembenuza pepala lija kuti aone ngati kuseri kwalembedwa yankho. Kunali koyera. "Muli podikira," anatero, n'kulipinda.

Kudikirako kunamuvuta Esteri kuposa kuthyola tiyi pa mvula. Munthu wochotsedwa ntchito amalira, n'kupukuta misozi, n'kuona chochita. Koma iye akati alire ankakumbuka kuti sanachotsedwe, akati asangalale ankakumbuka kuti sali pa ntchito. Mwamuna wake Elson, yemwe ankapalasa kabaza pakati pa Limbuli ndi Muloza, anati bwanji ayambe geni ya tomato. Esteri anakana.

"Ndikapikule tomato lero, mawa andiimbire, tomatoyo adzadya ndani?"

Elson anati nanga akapumeko kwa Jenifer sabata imodzi. Anakananso, ati mwina akaimba adzafuna munthu afike tsiku lomwelo.

Pakhomo pawo netiweki inkagwira malo amodzi okha, mu mtengo wa mapeyala kuseri kwa bafa. Esteri anaika kafoni kake ka mabatani mu jumbo ya shuga n'kukamangirira pa nthambi. Kakangolira, ankasiya chilichonse. Tsiku lina anathamanga sopo ali kumaso, n'kupeza ndi uthenga womuuza kuti adine wani alandire nyimbo. Tsiku lina anataya lichero la nandolo, n'kupeza ndi Elson akuimba ali kuseri kwa khola.

"Ndimayesa ngati ikugwira, amake Jenifer."

"Mukadzayesanso, mumtengomo ndidzamangiriramo inuyo."

Koma choopsa kwambiri chinali manja aja. Palibe anawauza kuti ntchito yaima. Esteri akangokhala phee, zala zinkayamba zokha. Zinamaliza mpanda wa maluwa wa pakhomo m'masiku atatu, n'kuusiya wosalala pamwamba ngati tebulo. Atapita kukapempha mchere kwa Mariyamu, mnansi wake wophika zitumbuwa, anaima pafupi ndi chinangwa akucheza, ndipo pochoka chinangwa chonse chinali chitametedwa nsonga. Lamlungu kutchalitchi anakhala kumbuyo kwa mlendo wa ku Blantyre wovala chipewa cha timaluwa tapulasitiki. Ulaliki uli pakati, Esteri anaona kuti m'manja mwake muli timaluwa tisanu, ndipo dzanja linali litaponya kale tina kumsana, pa miyendo ya mkulu wa mpingo.

Mariyamu atamva za chipewazo anagwira pakamwa.

"Chemwali, manja awa akumangitsani. Mawa tikatape dongo kudambo, tizire makhitchini athu. Mwina akatopa agona."

Anapitadi, n'kubwera ndi mabeseni awiri. Anazira khitchini ya Mariyamu, n'kuzira ya Esteri, ndipo kunatsala chibuma chimodzi. Anakhala pakhonde kupumula, chibumacho chili pa miyendo ya Esteri, mkamwa mwake mukutuluka nkhani yomwe ija ya masiku onse.

"Ati muli podikira. Podikira ndi kuti? Kuli minibasi yopita kumeneko? Munthu zaka zonsezi ndakhala ndikumugwadira, lero akuwerenga pepala osandiyang'ana n'kumaso komwe. Akanangoti Esteri, basi kwatha, bwenzi pano ndikudziwa kuti ndine ndani."

Mariyamu anaweramira kutsogolo. Maso ake anali pa manja a mnzake, ndipo mapewa anali atayamba kunjenjemera.

"Chemwali," anatero ndi mawu othina, "taonani mwagwiracho."

Esteri anayang'ana pansi. M'manja mwake munali kamunthu kotalika ngati botolo, kamimba kotsogola, mlomo wogwa, timiyendo tifupitifupi m'jombo. Panalibe chofunsa. Anali a Muhiwa enieni.

Mariyamu anaseka mpaka kugwa pakhondepo, n'kumamenya pansi ndi dzanja. Esteri anatola kamtengo ka machesi n'kukabaya pachifuwa kuti chikhale cholembera. Kenako anavundikira dengu lake la ku ntchito, n'kukaimika kamunthuko pamwamba. Anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuloza chala.

"A Muhiwa, lero mumva. Chaka chija munandibwezera dengu lonse chifukwa cha kaphesi kamodzi, mukukumbuka? Tsiku lija mtsinje unadzaza, ine n'kuchedwa, munati ndikanasambira. Ine ndine bakha? Nanga nsapato zanga zija zinamira m'matope inu mukuona, munaseka kapena simunaseke?"

Kamunthu kaja kanangoti duu, mlomo uli pansi. Aka kanali koyamba kuti a Muhiwa amve nkhani ya munthu mpaka kumapeto. Esteri anawakalipira za zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo atamaliza anamva m'chifuwa mwapepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Anatenga dongo lotsala n'kuyamba kuumba sikelo.

Elson atafika madzulo anafunsa ngati foni yalira.

"Foni iti?" anatero Esteri, akusalaza kadengu ndi chala chonyowa.

M'mawa mwake anapitanso kudambo yekha. Pofika Loweruka, kuseri kwa khitchini kunali kaesiteti. Kunali mizere ya tiyi, sikelo, ndi amayi a gulu lake, aliyense ndi dengu kumsana. Mbiri inayenda, ndipo woyamba kufika anali Joice. Anayang'ana timayi tonse, n'kuima pa kamodzi koweramira kutsogolo.

"Uyu ndi ndani?"

"Ndiwe."

"Ine? Nanga matako onsewa mwawatenga kuti?"

"Joice, ndakhala kumbuyo kwako mu mzere zaka khumi ndi zisanu. Nkhope yako sindinganamizire kuti ndimaidziwa bwino, koma izi ndimazidziwa."

Joice anakwiya, anachoka, n'kubweranso ndi anzake anayi kuti adzaweruze. Anaweruza kuti Esteri sananame. Kenako aliyense anapeza chake chodandaula: wina mphuno, wina mwendo, ndipo Rute, mayi wofatsa wa ana asanu, anati iye sangakhale wowonda choncho, anthu angayese kuti akudwala. Esteri anawakankhira beseni la dongo, ati amene sakukondwa adziumbe yekha.

Ndi mmene amayi aja anayambira kubwera, poyamba Lachitatu ndi Loweruka, kenako tsiku lililonse akachoka kumunda. Aliyense ankafika ndi foni yake mu jumbo, ndipo mtengo wa mapeyala unabereka mafoni asanu ndi atatu. Akamangirira foni, ankapita pa dengu kukapereka moni kwa kapitawo, n'kumutukwana pang'ono, n'kukhala pansi. Rute anaumba thalakitala yomwe aliyense ankaiyesa kamba. Joice anaumba apongozi ake aamuna, n'kuwaphwanya, n'kuwaumbanso. Nkhawa sizinathe ayi. Rute ankati ana ake amufunsa ngati adzapitirize sukulu, wina ankati mwamuna wake wayamba kumuyang'ana ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Koma nkhani zoterozo zinkatuluka mosavuta maso ali pa dongo, ndipo dzuwa linkapendeka anthu osadziwa.

Mavuto anabwera ndi tambala wa Elson. Pothamangitsa thadzi anadumphira pa dengu lija, kapitawo n'kugwa chamutu, mutuwo n'kuchoka. Esteri anabaya kamtengo pakhosi, n'kumata ndi dongo lonyowa. Anachita mofulumira poti ndiwo zinali pamoto, ndiye mutu unauma utapendekera kumanzere.

Patapita masiku awiri, Elson anabwerako dzuwa likadali pamutu, akukankha njinga m'malo mopalasa.

"Amake Jenifer, mwapha munthu."

"Mukuti chiyani?"

"A Muhiwa khosi lapindika. Ndawaona ndi maso angawa pa Limbuli, akugula sopo ali chonchi." Anapendeketsa mutu.

Esteri anasiya zomwe ankachita. "Kumanzere?"

"Kumanzere. Ndipo anthu ayamba kunena kuti kuno kuli mayi woumba anthu."

Esteri anakhala pansi pakhonde. Iye anali mayi wa kwaya, kwa sing'anga anali asanapondeko chibadwire. Awiriwo anapita kuseri kwa khitchini n'kukaima patsogolo pa dengu.

"Tikataye kuchimbudzi," anatero Elson.

"Nanga iwowo akakagwera m'chimbudzi cha kwawo?"

"Ndiye tiphwanye."

"Mukufuna maliro, bambo a Jenifer?"

"Chabwino, tiwongole khosilo."

"Lauma. Likathyoka mukayankha ndinu."

Elson anati iye zoterezi sakhulupirira, ndi zamabodza, dongo ndi dongo basi. Atatero anayang'ana kumwamba, anaona kuti dzuwa laswa, n'kunyamula dengu ndi manja awiri pang'onopang'ono kukaliika pamthunzi. M'mawa mwake Esteri anapeza kapitawo atafunditsidwa kansalu kopukutira njinga, ndipo tambala anali atamangidwa mwendo pa mtengo wa mbawa.

Amayi aja atamva, kuseka kunatha. Ankayankhulana monong'ona, ndipo palibe anatukwananso. Joice anadikira kuti anzake atembenuke, n'kuweramira pa dengu.

"Zija ndinkanena zija kunali kucheza, bwana."

Lachisanu masana, Esteri anamva belu la njinga ya mwamuna wake. Anasuzumira. Elson ankabwera thukuta lili kamukamu, akutuzula maso ndi kukweza nsidze ngati munthu wolumidwa ndi mavu. Kumbuyo kwake kunali pasinjala wamfupi, mutu utapendekera kumanzere.

Zinadziwika pambuyo pake kuti a Muhiwa anamupeza Elson pa siteji n'kumufunsa ngati akudziwa kwa mayi woumba anthu. Elson anati sakudziwa. A Muhiwa anati palibe kanthu, tizifunsa m'njira. Elson anawazungulitsa ola lathunthu, koma aliyense wofunsidwa ankayankha chimodzimodzi: "Si kwanu komwe, a Elson?"

Pabwalo panachitika chipwirikiti. Rute analowa m'bafa n'kudzitsekera. Awiri anadutsa m'chinangwa cha Mariyamu osatsanzika. Joice anatola lichero n'kuyamba kusankha nyemba mwakhama, m'licheromo mulibe kanthu. Esteri anayala mphasa, n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, bwana?"

"Ndionetseni," anatero a Muhiwa.

Anawatengera kuseri. Poti khosi silinkatembenuka, a Muhiwa ankazungulira thupi lonse ngati kabati yosunthidwa. Esteri anachotsa kansalu kaja. A Muhiwa awiri anayang'anana, mitu yonse itapendekera, milomo yonse ili pansi. Elson anali atagwira njinga moloza kumsewu.

"Mayi Namakhwa."

"Bwana."

"Mimba iyi si yanga."

Esteri anakweza maso.

"Si yanga," anabwereza a Muhiwa. "Pa Limbuli ponse akundiseka, ati mwandiumba ndili ndi pakati pa miyezi eyiti. Ndabwera kuti ndione ndekha, ndipo ndaona kuti mwaonjeza. Chinanso, cholembera mwaika chimodzi. Ine ndimayenda ndi zitatu. Aliyense amadziwa."

"Nanga khosi, bwana?"

"Khosi latani?"

"Si ifeyo?"

A Muhiwa anapuma mozama, n'kukhala pa mtondo wovundikira. Anati patangotha masabata awiri amayi aja atachoka, nawonso anaitanidwa ku ofesi n'kupatsidwa pepala. Linali lomwe lija, kungosintha dzina. Makina safuna kapitawo wa amayi. Kunyumba kwawo foni inkagwira akaipanikiza pa zenera la kuchipinda, ndiye masiku onsewo ankakhala chotsamira khutu pazenerapo kuopa kuphonya. Kuchipatala anawauza kuti ndi minyewa, n'kuwapatsa mafuta opaka.

"Ndiye inunso muli podikira?" anafunsa Joice, lichero likadali m'manja.

A Muhiwa anadzuka pa mtondo paja. Anazungulira thupi n'kuona mtengo wa mapeyala, majumbo akulendewera. Anauyang'ana kanthawi, mlomo uja n'kugweratu. Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni yawo.

"Pali nthambi yotsala?" anafunsa motsitsa mawu.

Esteri anafunafuna mkwiyo wake uja m'mtima, koma anapeza wachepa ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi. Anauza Elson kuti abweretse jumbo.

Za mimbazo a Muhiwa sanagonje. Anati aumbidwenso, iwo ali pomwepo ngati mboni. Rute anatuluka m'bafa, othawa aja anabwerera, ndipo a Muhiwa anakhazikidwa pa mtondo pakati pa bwalo. Anakokera mimba m'kati, chifuwa n'kutukumuka, nkhope n'kuyamba kufiira.

"Musapume, bwana," anatero Esteri, akukanda dongo mosafulumira.

"Mwagwedezeka!" anakuwa Joice. "Tiyambirenso. Ntchito yotere sitilandira."

A Muhiwa anapirira mpaka maso anatuluka misozi. Kenako mpweya unaphulika, mimba n'kubwerera pamalo pake mwamphamvu, batani la malaya n'kuuluka kukagwera m'beseni. Amayi anaseka mpaka kugwirana, ndipo nawonso a Muhiwa mapewa anawagwedezeka. Pamapeto anamvana kuti Esteri achotseko pang'ono, ngati miyezi isanu, ndipo abaye timitengo ta machesi titatu.

M'mawa mwake a Muhiwa anabweranso, ati kudzaona foni. Mkuja mwakenso anabwera. Chizolowezi sichinawasiye. Ankayenda kumbuyo kwa amayi manja ali kumsana, n'kumatsina dongo.

"Ili lili ndi timiyala. Bwezani."

Mariyamu, yemwe sanagwirepo ntchito pansi pawo, anawapatsa musi m'manja. "Ndiye sinjani nokha, achimwene."

Anasinja. Atatha masiku angapo akusinja, anapatula kachibuma n'kukakhala nako payekha, msana atalozetsa kwa anthu. Anakagwira masiku atatu, lilime lili panja. Atakabweretsa, Rute anati ndi kampando kokongola. Joice anati ayi, ndi fulu. A Muhiwa anati ndi mbuzi, ndipo amene sakuiona ndiye kuti sanawetepo mbuzi. Anaiika pafupi ndi thalakitala ya Rute, ndipo tsiku lililonse akafika ankayamba kuiona iyo asanayang'ane mumtengo.

Zoumbazo zinkang'aluka zikauma, zina n'kusungunuka kukagwa kamvula. Mariyamu anati amake ankaumba miphika, ndipo iye ankadziwa kawotchedwe kake. Loweruka lina masana anakumba kadzenje, anayala makungwa ndi zitsononkho, n'kusanja kaesiteti konse, akapitawo adongo onse awiri ali pakati. Anafunditsa udzu.

"Bwana, mulibe nazo vuto?" anafunsa Esteri, machesi ali m'manja.

"Ine zamatsenga sindikhulupirira. Yatsani."

Moto utagwira, a Muhiwa anapempha madzi akumwa. Kunja kunali kamphepo kochokera kuphiri, amayi atafunda zitenje, koma iwo anamasula mabatani awiri n'kuyamba kudzikupiza ndi chipewa.

"Lero kwatentha, eti?"

"Kwazizira, bwana," anatero Rute.

Anapempha kapu ina. Anatembenuka kuti asaone motowo. Ndipo ali chitembenukire, m'dzenje muja munamveka phuu! ngati mfuti. Kapitawo woyamba uja anaphulika mimba, zidutswa n'kuuluka mpaka padenga la khitchini. A Muhiwa analumpha, n'kutembenuza mutu kumanja mwadzidzidzi. Khosi linalira kuti kho!

Anaima chilili. Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumwamba, n'kuona mapeyala.

"Lawongoka," anatero.

Kenako Rute anagwada n'kuyamba nyimbo. Esteri anayesa kufotokoza kuti mimba ija inali yokhuthala kwambiri, m'kati inali isanaume, n'chifukwa chake yaphulika, ndipo Mariyamu anavomereza kuti miphika imatero. Palibe anamvetsera. Elson anapita kukamasula tambala, ati asakhale ndi mlandu ndi wina aliyense.

Sabata yotsatira kunafika alendo. Bambo wina wa ku Muloza wodwala msana anapempha kuti aumbidwe n'kuphulitsidwa. Mayi wina ankafuna kuti mwamuna wake aumbidwe pakamwa patamatidwa. Esteri anawauza kuti iye si sing'anga, ndi wothyola tiyi amene ali podikira. Atakakamira, anawakankhira beseni monga anachitira ndi anzake. Mayi uja anachoka atakhumudwa. Bambo wa msana anakhala, ndipo anapezeka kuti amatha kuumba miphika ya maluwa yosalala bwino. Msana sunapole, koma anayamba kubwera Lachiwiri lililonse, ndipo Joice anaphunzira kwa iye. Posakhalitsa Elson anayamba kunyamula miphikayo pa kabaza tsiku la msika, itakulungidwa m'masamba a nthochi. Ina inkafika, ina inkafika ili zidutswa.

Foni inalira mvula yoyamba itagwa, patatha miyezi itatu ndi theka. Poti mafoni onse ankalira mofanana, anthu asanu ndi anayi anathamangira pansi pa mtengo n'kugundana mitu. Inali ya Esteri. Manja ake anali dongo mpaka m'zigongono, ndiye Mariyamu ndi amene anadina n'kumugwirira pakhutu.

Anali kalaliki wa ku ofesi. Anati minda ya m'mbali mwa phiri ndi yotsetsereka kwambiri, makina akukanika. Akufuna amayi ochepa, masiku atatu pa sabata, mpaka mvula itatha.

"Nanga mvula ikatha?" anafunsa Esteri.

"Tidzaona."

Esteri anadikira kuti mtima uyambe kuthamanga monga unkachitira kale akamva mawu otere. Unagunda pang'ono, n'kukhazikika. Anati zikomo, adzafika Lolemba, ndipo anabwerera kukamaliza khutu la mphika lisanaume.

Tsikulo mafoni ena anayi analira, ya Rute ili m'gulu. Ya Joice sinalire. Joice anati ndi bwino, mawondo ake ndi mapiri sizigwirizana, koma anapita kuseri kwa bafa n'kukakhalitsako. Atabwerako, Esteri anamusunthira pa mphasa, n'kumupatsa theka la dongo lake.

A Muhiwa anaima pansi pa nthambi yawo mpaka kamvula kanayambanso. Kenako anabwerera pa mtondo n'kutola musi.

"Mayi Namakhwa, kumtundako ndamva kuti kuli dongo lofiira. Muzibwera nalo pang'ono m'jumbo. Ndikufuna kuyesa ng'ombe."

"Ndamva, bwana."

"Lopanda timiyala."

Lolemba Esteri anabereka dengu n'kukwera phiri ndi Rute. Tiyi anali ataphuka bwino ndi mvula, ndipo manja anaigwira ntchito ngati anasiya dzulo. Kapitawo wawo watsopano anali Ronald, bambo wamtali wowonda amene ankalemba zonse pa foni. Anali waulemu, wosakalipa, koma anali ndi makutu akuluakulu otambalala, moti dzuwa likawala kumbuyo kwake ankaoneka ofiira.

Pa sikelo, Ronald anaona kuti mayi wina akumuyang'anitsitsa, mutu utapendeka, chala chachikulu chikusisita chinzake.

"Mayi, pali vuto?"

"Palibe, bwana. Tangotembenukirani uko pang'ono."

Ronald anatembenuka, akuyesa kuti kumbuyo kwake kuli njoka. Rute anabisa nkhope m'chitenje. Esteri anayang'ana bwinobwino mmene khutu lalumikizirana ndi mutu, ndi mmene lapindikira pamwamba. Anagwedeza mutu mokhutira.

"Basi, zikomo bwana," anatero, n'kukweza dengu lake pa sikelo.